Mapulogalamu Opumitsidwa pa Linux: Zoyenera Kudziwa Oyang'anira Makompyuta

Unduna ukudziwitsa onse oyang'anira makompyuta a Linux m'maofesi ake kuti pulogalamu ikachotsedwa m'nkhokwe ya Linux, siichoka yokha pa kompyuta imene inaikidwapo kale. Imatsala pomwepo ikugwirabe ntchito, koma popanda woikonza. Akuba a pa intaneti akaipezera polowera, palibe amene adzatsekepo.

Linux ili m'mitundu ingapo, monga Debian, Ubuntu ndi Fedora, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nkhokwe yake ya mapulogalamu zikwi zambiri. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi woisamalira, kawirikawiri munthu wongodzipereka. Iyeyu akatanganidwa ndi zina amalengeza kuti waisiya, ndipo pulogalamuyo imatchedwa yamasiye. Ku Fedora, yamasiye ikatha masabata 6 popanda woitola imapumitsidwa: mafayilo ake amachotsedwa, n'kutsala kafayilo kamodzi kotchedwa dead.package kofotokoza chifukwa chake. Ku Debian, pempho lochotsa pulogalamu limalembedwa poyera kuti aliyense aliwone.

Chitsanzo chodziwika ndi Python 2. Eni ake anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020, ndipo Debian 12, yomwe inatuluka pa 10 Juni 2023, inabwera yopanda Python 2. Ofesi imene inali ndi kapulogalamu kotulutsira malipoti kolembedwa mu Python 2 ikanatha kuona kakuima itasamukira ku Debian 12. Nthawi zina umapumitsidwa ndi mtundu wonse, monga CentOS Linux 7 pa 30 Juni 2024.

Anzathu a ku Kasungu nkhaniyi siingawavute kumva. Mlimi wa fodya akatha kuthyola amazula mapesi, chifukwa akatsala m'munda amasunga nsabwe ndi matenda kufikira nyengo yotsatira. Pulogalamu yopumitsidwa ndi phesi lotero, kungoti silioneka ndi maso. Pa Debian ndi Ubuntu, lamulo loti apt list '~o' limaonetsa mapulogalamu omwe ali pa kompyuta koma m'nkhokwe mulibenso. Musafulumire kuwafufuta onse; yambani mwafufuza ntchito zimene zikuwadalira.

Pomwe pamavuta kwambiri ndi pa zolembedwa. Kabuku ka malangizo a mu ofesi kamakhalabe kakunena kuti "ikani pulogalamu yakuti" pamene pulogalamuyo inapumitsidwa kale. Amene anakalemba atasamutsidwa, wolowa m'malo mwake amakatsata mokhulupirika, ndipo ikakana amakaitenga pamalo osadziwika pa intaneti. Umu ndi momwe mavairasi amalowera m'makompyuta osunga malipiro ndi mayina a anthu. Choncho tsiku lomwe pulogalamu yachotsedwa, kabukuko kakonzedwenso: dzina la pulogalamu, tsiku, chifukwa, imene yalowa m'malo, ndiponso kumene mafayilo akale asungidwa. Mzere wakale musaufufute, ungolembedwa kuti unatha ntchito, pakuti ofufuza za chuma angafune kudziwa chimene chinkagwiritsidwa ntchito chaka chakutichakuti.

Nthawi yochitira ntchitoyi isankhidwe bwino. Maofesi amene ntchito imawachulukira msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa aichite msika usanayambe kapena utatsekedwa. A kutali ndi boma, monga ku Chamama, Santhe ndi Nkhamenya, ayambe akopera mafayilo onse pa chosungira china, ndipo atsimikize kuti ali ndi magetsi apadera, chifukwa magetsi akazima kusintha kuli pakati, kompyuta ikhoza kukana kuyakanso.