Mbiri ya Masipika Oyesera Nyimbo m'Situdiyo

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, nyimbo imene mumamva pa wailesi siifika kwa inu monga momwe inatulukira pakamwa pa woimba. Iyamba yadzera m'manja mwa munthu wochedwa injiniya wa mau. Iyeyo akhala m'situdiyo nasanganiza mau a ng'oma, a gitala ndi a oimba, kukweza ena ndi kutsitsa ena. Popeza mau saoneka ndi maso, iye adalira masipika amene ali patsogolo pake.

Tsono taganizani kuti masipikawo akukuza mau a besi koposa muyeso. Injiniya adzayesa kuti besi yacuruka, ndipo adzaicepetsa. Nyimboyo ikafika pa wailesi ya kwanu idzamveka yoonda, ndipo thukuta la oimba lidzapita pacabe. Ndico cifukwa cake akatswiri akhala akulimbana ndi bvutoli kwa zaka zambiri.

M'caka ca 1933, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories ku America anaonetsa kuti khutu la munthu silimva mau onse mofanana. Mukatsitsa nyimbo, besi ndiyo iyamba kuzimirira. Cotero mainjiniya anaphunzira kuyesa nyimbo pa mlingo umodzi wa mau, osati kukweza ndi kutsitsa mwacisawawa.

M'zaka za m'ma 1970, masitudiyo ambiri anaika makina ochedwa equalizer pakati pa tebulo losanganizira mau ndi masipika. Gwirani bwino mfundo iyi: makinawo sanali kusintha nyimbo yojambulidwa pa tepi, koma zokhazo zimene injiniya anali kumva. Anali ngati magalasi a maso, amene sasintha zolembedwa m'buku koma athandiza wowerenga. Komabe sanathetse zonse, pakuti mau amagunda zipupa ndi kubwerera, ndipo amveka mosiyana pa malo osiyana m'cipinda cimodzi. Motero anthu anayamba kukonza zipupa zenizenizo ndi kuika masipika aang'ono pafupi ndi makutu.

Sipika imodzi yochuka inali Yamaha NS-10M ya ku Japan, imene inaturuka mu 1978. Inapangidwira m'nyumba za anthu, koma mainjiniya anaikonda cifukwa inali kuulula zolakwa. Bvuto lake linali lakuti mau okwera anali akuthwa kwambiri. Bob Clearmountain ndi anzake anayamba kuphimba kasipika ka mau okwera ndi pepala lopyapyala la tishu, kuti asanyengedwe ndi kucepetsa mau okwera a m'nyimbo. Kampaniyo inaleka kupanga sipikayi mu 2001, koma ikali kupezeka m'masitudiyo ambiri.

Panalinso kabokosi kakang'ono kochedwa Auratone, komveka ngati wailesi wamba. Bruce Swedien anakagwiritsa nchito posanganiza nyimbo za Michael Jackson za mu Thriller, imene inaturuka mu 1982. Nzeru yake inali yakuti omvera ambiri alibe masipika aakulu. Ife kuno tidziwa zimenezi bwino. Mu 1949 munafika wailesi ya batire yochedwa Saucepan Special, imene Harry Franklin anapempha kampani ya Ever Ready kuti ipange. Inagulidwa pa mapaundi 5, ndipo mudzi wonse unali kuizungulira kuti umve mau ocokera ku Lusaka. Mau amene sanamveke bwino m'kasipika kake kamodziko, kwa omverawo anali otayika.

Masiku ano kompyuta ndi maikolofoni zimayesa cipinda ndi kukonza mau opita ku masipika. Lamulo lakale likali pomwepo: kukonzako n'kwa makutu a injiniya. Akaiwala nakulowetsa m'nyimbo yomaliza, omvera onse adzamwa mankhwala a matenda a cipinda cimene sanalowemo.

Aphunzitsi, yesani izi ndi ana anu. Mwana mmodzi aombe m'manja pakati pa kalasi, pa ngodya, kenaka panja pa bwalo. Wina alankhule ataphimba pakamwa ndi nsalu. Anzao anene kusiyana kumene amva, ndipo muwafunse kuti: kodi ndi malo ati amene angayenere munthu woyesa nyimbo, ndipo cifukwa ninji?