Umakaniko ku Mchinji: Kuchoka m'Magalaja a Boma Kufika Pansi pa Mtengo

Ntchito yokonza galimoto m'boma la Mchinji, lomwe pa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Manning, inakula motsatira msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Chipata kudzera pamalire a Mwami, pakuti podutsa malole olemera sipalephera kufunika munthu wodziwa kumasula injini. M'zaka za m'ma 1970, maesiteti a fodya akuchuluka m'derali, umakaniko unali makamaka ntchito yolembedwa, ena akusamala mathirakitala m'maesitetimo, ena akugwira ku PVHO, nthambi imene inkasunga ndi kukonza galimoto za boma. M'magalaja akuluakulu otere udindo unkagawidwa momveka: kapitawo ankapereka ntchito ndi kuiyendera ikatha, makaniko ankayankha pa chilichonse chimene wamasula, ndipo luso la munthu linkadziwika ndi mayeso a Trade Test a unduna wa zantchito, omwe amayambira giredi 3 n'kukathera giredi 1.

Zinthu zinasintha kuyambira 1994, boma litalola kuti mtengo wa kwacha uziyendera msika ndipo malonda atamasuka. Maminibasi a Toyota Hiace ndi galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan zinadzaza msewu wa M12, ndipo magalaja aang'ono anabuka paboma, pa Kamwendo ndi m'misika ina, ambiri mwa iwo ali chabe mthunzi wa mtengo, jeke ndi bokosi la masipanala. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, linapeza achinyamata ochuluka akuphunzira kale m'malo oterewa, kutali ndi makoleji.

Kuphunzira kwa pagalaja kuli ndi dongosolo lake, ngakhale silinalembedwe. Mnyamata amayamba ndi kutsuka zitsulo ndi kupatsira masipanala, kenako amaloledwa kuchotsa mawilo, kusintha oyilo ndi kukonza mabuleki, ndipo injini ndi giyabokosi amazikhudza pomaliza, bwana atakhutira naye. Nzeru imene ili m'dongosololi ndi yoyenera kuilemekeza, chifukwa lalera amisiri amene amatha kuutsa galimoto yosowa masipeya pongosula kachitsulo kapena kusintha ka galimoto ina. Komabe lili ndi chilema chachikulu: ntchito zimene zimaoneka zazing'ono, monga kumanga manati a wilo ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi a mabuleki, ndi zimene zimasunga miyoyo ya okwera, koma ndi zomwezo zimene zimasiyidwa m'manja mwa wophunzira, pamene woyendera ntchito ikatha kulibe. Satifiketi ya COF, yotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, imanena za tsiku loyezera lokha, ndipo siingalowe m'malo mwa maso a mmisiri wamkulu.

Chimene chimasunga muyezo lero ndi mbiri ya galaja pakati pa madalaivala, omwe amauzana msanga za makaniko amene waika sipeya yakale n'kulipiritsa mtengo wa yatsopano. Ntchitoyi ikusinthabe: chipata chophatikiza cha pamalire cha Mwami ndi Mchinji, chotsegulidwa mu 2022, chafewetsa kuyenda kwa malole, njinga zamoto za kabaza zabweretsa gulu latsopano la okonza, ndipo injini zoyendetsedwa ndi kompyuta zikufuna makina oyezera amene magalaja ambiri akumidzi sangakwanitse kugula.