Mphenzi sinagwe ku Canterbury

Loweruka lililonse madzulo ine ndi anzanga anayi timasewera Dungeons & Dragons. Kwa amene simulidziwa, ili ndi sewero lopeka nthano pamodzi: aliyense amakhala ndi mtengambali wake, amanena chimene akufuna kuchita, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati chatheka. Munthu mmodzi amayendetsa dziko lonse la m'nthanomo, kuyambira mafumu mpaka milungu. Pagulu lathu munthuyo ndine.

Mwezi wathawu ndinalakwitsa. Mtengambali wa mnzanga wina, msilikali, anatulukira kuti mkulu wa ansembe wa m'tauni ina amagulitsa mwamseri chakudya chimene anthu amapereka kuti chithandize amphawi. Mnzangayo sanachedwe: "Ndikumubaya pomwepo, paguwa." Madayisi anamukomera, wansembe anagwa. Ine mtima uli phaphapha ndinangoti, "Mphenzi yang'amba denga, yakupha." Mtengambali amene anamulera miyezi isanu ndi iwiri anathera m'chiganizo chimodzi. Mnzanga anapinda pepala lake n'kundifunsa kuti, "Aise, kumeneku n'kuweruza kapena kubwezera?" Masabata awiri otsatira sanabwere.

Funso lake linandibwezera ku mabuku a mbiri yakale amene timawerenga m'kalasi. Seweroli linabwereka zambiri ku Ulaya wa zaka za m'ma 1100 ndi 1200: malupanga, malinga, mabishopu. Nanga nthawi imeneyo munthu akapha wansembe paguwa, chinkachitika n'chiyani?

Pa 29 Disembala 1170, asilikali anayi a Mfumu Henry II ya England analowa m'tchalitchi chachikulu cha ku Canterbury n'kupha Arkiepiskopi Thomas Becket. Mayina awo ndi Reginald FitzUrse, Hugh de Morville, William de Tracy ndi Richard le Breton. Becket anakhala akulimbana ndi mfumu kwa zaka zambiri, makamaka pa nkhani yakuti mtsogoleri wa mpingo akapalamula aziweruzidwa kuti, kubwalo la mfumu kapena la mpingo. Asilikaliwo atamva mfumu ikulankhula mwaukali za iye, anaganiza kuti aikondweretsa.

Mphenzi sinagwe. Anthu anayiwo anatuluka m'tchalitchimo ali amoyo, nakwera akavalo awo. Anakabisala ku linga la Knaresborough, kumpoto kwa dzikolo, pafupifupi chaka chathunthu. Mu 1171 Papa Alexander III anawachotsa mu mpingo, ndipo masiku amenewo munthu wochotsedwa ankatayidwa ngati wakhate: Mkhristu sankayenera kudya naye kapena kumulandira pakhomo. Pomaliza anapita ku Rome kukalapa, nalamulidwa kukatumikira ku Dziko Loyera.

Mfumu nayo mlandu unaitsata, koma pang'onopang'ono. Mu Meyi 1172 ku Avranches, Henry analumbira kuti sanalamule kuti Becket aphedwe, navomera kusiya ena mwa malamulo amene ankapanikiza nawo mpingo. Mu Febuluwale 1173 Papa analengeza kuti Becket ndi woyera, ndipo anthu anayamba kukhamukira kumanda ake. Chaka chomwecho ana a Henry anamuukira mothandizidwa ndi mafumu a France ndi Scotland. Pa 12 Julayi 1174, ufumu wake uli pendapenda, Henry anayenda wopanda nsapato m'misewu ya Canterbury, nagwada pamanda a munthu amene ankadana naye, nalola kuti mabishopu ndi amonke amukwapule. Tsiku lotsatira mfumu ya Scotland, William, inagwidwa ku Alnwick, ndipo anthu anati woyera uja wakhululuka. Kuchokera pa imfa ya Becket kufika pa chikwapu panadutsa zaka zitatu ndi theka. Akuluakulu amati mlandu suwola.

M'nkhaniyi ndikuonamo zinthu zitatu. Chilango chinadzera mwa anthu. Chinatenga nthawi. Ndipo chinasiya khomo lobwerera.

Kuti mphamvu ya mpingo inali mwa anthu zikuonekanso pa mkangano wina wakale kuposa uwu. Mu 1076 Papa Gregory VII anachotsa mu mpingo Henry IV, mfumu ya Germany, namasula anthu ake ku malumbiro awo. Nduna zitaopseza kuti zisankha mfumu ina, Henry anawoloka mapiri a Alps nthawi yozizira, ndipo mu Januwale 1077 anaima masiku atatu pachipata cha linga la Canossa kupempha chikhululukiro. Koma Gregory atamuchotsanso mu 1080, ambiri sanalabadire. Henry analanda Rome mu 1084, ndipo Gregory anafera ku Salerno chaka chotsatira. Mawu a Papa anali omwewo maulendo onse awiri. Chimene chinasintha ndi chiwerengero cha anthu owamvera.

Ife kuno sitifunika kupita kutali kuti timvetse zimenezi. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula kayendetsedwe ka dziko inawerengedwa m'matchalitchi m'Malawi monse. Boma linati kalatayo ndi youkira, apolisi anapanikiza mabishopu ndi mafunso, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Kumwamba sikunagwe moto, koma ophunzira a ku Chancellor College anachita zionetsero, mipingo ina inaima pambuyo pa mabishopu, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri.

Wina anganditsutse kuti m'seweroli milungu si nkhani ya chikhulupiriro chabe. Ilipodi, ndipo imapatsa ansembe mphamvu zochiritsa. Nanga ingalephere bwanji kuponya mphenzi? Zoona, ingathe. Chichokereni 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa seweroli, wansembe wakhala mmodzi wa atengambali ake oyambirira. Komabe ngakhale malamulo akale, amene ankatchuka ndi kuuma, sankapha munthu mwachisawawa. Buku la Players Handbook la 1978 linkati paladin, msilikali wodzipereka kwa mulungu, akachita dala choipa amataya udindo wake mpaka kalekale. Koma akalakwa pa zina zocheperapo, apite kwa wansembe wamkulu, akaulule ndi kuchita zimene angamulamule. Wosewera ankadziwiratu mtengo wa tchimo lililonse asanaponye dayisi. Mnzanga uja sindinamuuzepo chilichonse chotere. Lamulo la mphenzi ndinalipeka chifukwa ananditayitsa nkhani imene ndinaikonzekera sabata yonse.

Sindikunena kuti mbiri yakale ndi sukulu ya chilungamo. Asilikali aja anataya kwawo, pamene mfumu inakwapulidwa tsiku limodzi n'kupitiriza kulamulira mpaka 1189. Mwana wake, Mfumu John, atakana Stephen Langton kuti akhale arkiepiskopi, Papa Innocent III anaimitsa mapemphero m'dziko lonse la England kuyambira 1208 mpaka 1214. Mabelu anakhala chete, maliro sankaikidwa m'manda odalitsidwa, ndipo amene anavutika ndi anthu wamba osadziwa n'komwe za mkanganowo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti pali zilungamo ziwiri zimene ndinkazisokoneza. Dziko la m'nthano likhoza kukhala lokondera monga mmene dziko lenileni lilili: wansembe wakuba akhoza kusanduka woyera atafa, womupha n'kusanduka chigawenga. Izi zimakometsa nkhani. Koma ine woyendetsa ndili ndi ngongole kwa munthu wamoyo amene wakhala nane patebulo. Ayenera kudziwa chimene mtengambali wake akanadziwa pokhala mbadwa ya dzikolo, ayenera kulandira chilango cholingana ndi mlandu, ndipo chilangocho chimusiyire chochita. Munthu wakufa sasewera.

Ndinapita kukamupepesa mnzanga, ndipo tinagwirizana ndi ena onse kuti usiku uja tiubwereze kuyambira paguwa. Nthawi ino ndisanamulole kugwira dayisi ndinamuuza kuti, "Msilikali wako akudziwa kuti wokhetsa magazi m'kachisi muno amachotsedwa pakati pa anthu, ndipo aliyense womuthandiza amachotsedwanso. Ukupitiriza?" Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati eya.

Tsopano papita masabata atatu. Mabelu a m'tauni ija salira. Wophika buledi akamuona amatembenuka, ndipo wochiritsa wa pagulu lathu akuyenera kusankha pakati pa mnzake ndi kachisi wake. Amphawi ena amamusiyira chakudya kuseri kwa khola usiku, ena akumutukwana chifukwa maliro awo akusowa wowadalitsa. Kalata yafika yochokera kwa mkulu wa ansembe onse: akaonekere pasanathe masiku makumi anayi, wopanda lupanga ndi wopanda nsapato. M'thumba mwake ali ndi kaundula wa chakudya chobedwa chija, umboni umene ungamupulumutse kapena kumuphetsa. Dzulo ananditumizira uthenga pa WhatsApp nthawi ya 2 koloko usiku, kufunsa ngati njira ya kumapiri n'kudutsika nyengo yozizira.