Galu wa pakhomo ndi chiwewe ku Golomoti

Kale ku Golomoti galu anali wantchito. Ankatsogola ku uzimba, ankapirikitsa anyani otsika m'mapiri a Dedza kudzaba chimanga, usiku n'kudzagona pakhonde. Koma kutchire komweko ankalumana ndi nkhandwe, ndipo nthawi zina ankabwera nacho chiwewe kumudzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti galuyo sadziwa chimene akuchita. Kachilombo ka chiwewe kakafika ku ubongo, dovu limayenderera kukamwa, ndipo amaluma mwana yemwe dzulo lomweli ankamuponyera mkute. Makolo ankapha galuyo ndi zibonga, koma wolumidwa uja, zizindikiro zikaoneka, ankaopa ngakhale madzi akumwa mpaka kumwalira.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata Joseph Meister ndi katemera ku Paris. Kuno kwathu, mu 2015, bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre.

Lero wolumidwa amalangizidwa kutsuka bala ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka kuthamangira kuchipatala monga cha Mua, pamishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902.