Mbiri ya Pogona pa Ana m'Makomboni a Lusaka

Mzinda wa Lusaka usanakhalepo, m'midzi ya Asoli ndi Alenje a m'derali, ngakhalenso kum'mawa kwa Achewa, Ansenga ndi Angoni kumene anthu ambiri a m'makomboni anachokera, pogona pa mwana panali podziwika kale. Khanda linkagona ndi mayi ake. Mwana akaleka kuyamwa, makamaka mng'ono wake akabadwa, ankasamukira kwa agogo, kumene ankamvera nthano mpaka tulo titamuba. Akasinkhuka, anyamata ankadzimangira mphala kapena gowelo, atsikana nawonso ankakhala ndi kanyumba kawo pafupi ndi agogo aakazi. Mwambo sunkalola kuti mwana wozindikira agone nyumba imodzi ndi makolo ake. Katundu wa m'tinyumba timeneti anali mphasa, chofunda chogawana, ndi chingwe chopachikapo zovala. Zokongoletsa zinalipo ndithu. Atsikana ankazira pansi ndi dothi lakuda, kukulungiza ndi mwala mpaka pawale, kenaka kulemba maluwa pakhoma ndi dothi lofiira ndi loyera.

M'chaka cha 1905 njanji yochokera ku Livingstone kulowera ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, inadutsa pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo pamenepo anaikapo kasiteshoni. Azungu olima ndi owotcha laimu anatenga malo mozungulira. Mmodzi mwa iwo anali Giovanni Marrapodi wa ku Italy, amene dzina lake lidakalipo pa komboni ina kumpoto kwa mzinda. Antchito awo ankaloledwa kumanga misasa pamalo a bwana. Mu 1931 katswiri wa mapulani a mizinda, Stanley Adshead, anajambula mzinda wa misewu yotakata ndi mitengo, ndipo mu 1935 likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kubwera kuno. M'maganizo a boma la atsamunda, munthu wakuda m'tauni anali mwamuna wobwera yekha kudzagwira ntchito, wodzabwerera kwawo akatopa. Choncho anamumangira kanyumba kozungulira, kofolera udzu, ka chipinda chimodzi. Tinyumba tina totere tasungidwa mpaka lero ku Kabwata Cultural Village. Amene analowamo akudziwa kuti mukaika bedi limodzi ndi mpando, malo atha. Womanga sanaganizireko za mwana.

Komatu akazi anabwera, ndipo ana anabadwa. Ambiri ankatumizidwa kumudzi akangokula pang'ono, chifukwa kumeneko n'kumene kunali agogo ndi gowelo. Lamulo la nyumba za anthu akuda m'matauni la 1948 ndi limene linavomereza kuti wantchito azikhala ndi banja lake, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Matero inamangidwa, Chilenje n'kukuzidwa. Nyumba zake zinali zazing'ono, za zipinda zowerengeka, chimbudzi chili panja. Chipinda chinali cha bambo ndi mayi. Ana ankagona pabalaza kapena m'khitchini, pamodzi ndi mphwake wa bambo wobwera kudzaphunzira sukulu ndi mlamu wofuna ntchito. Nyumba inali yolumikizana ndi ntchito, ntchito ikatha, nyumbanso yapita, ndiye panalibe amene akanawonjezerapo chipinda.

Amene sanapeze nyumba za khonsolo anapita kumafamu ndi kumakwale, kukalipira kangachepe kwa eni malo kuti amange. Umu ndi mmene anabadwira makomboni otchedwa mayina a anthu: George, kuchokera kwa George Hadjipetrou, John Howard, John Laing, ndi Roberts imene pambuyo pake inatchedwa Chawama. Kanyama ndi Kalingalinga nazonso zinakula m'njira yofananayo, kunja kwa mapulani a boma. Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, malamulo oletsa anthu kuyenda anatha ndipo anthu anakhamukira mumzinda. Pofika 1969 Lusaka inali ndi anthu pafupifupi 262,000, ndipo mu 1980 anapitirira 500,000. Mu 1967 boma linagawa mapuloti ku Mtendere kuti anthu azidzimangira okha, ena mwa iwo atachokera ku Kalingalinga.

Nthawi imeneyi ndi imene inakhazikitsa dongosolo la usiku limene mwana aliyense wa m'komboni amalidziwa. Nsima ikadyedwa, mbale zikatsukidwa, tebulo limakankhidwira kukhoma, mipando n'kusanjikizidwa pamwamba pake. Mphasa imatuluka kuseri kwa kabati. Atsikana amayala mbali ino, anyamata mbali iyo, pakati pakulendewera chitenje pachingwe chomangidwa pamisomali iwiri. Mbaula imatulutsidwa panja, chifukwa makala oyaka m'nyumba yotseka amapha anthu m'tulo. Wamng'ono wokodza pogona amayalidwa kumapeto, pansi pake pali thumba la feteleza. Kukacha, wamkulu amadzutsa onse, mabulangete amapindidwa ndi kuunjikidwa pa tiranki, pansi pamasesedwa ndi kupakidwa polishi wofiira, ndipo mlendo wofika dzuwa litakwera sangadziwe kuti pamenepo panagona ana asanu. Ine ndimaona kuti luso limeneli, losandutsa balaza kukhala chipinda madzulo n'kulibwezera m'mawa, silinapatsidwe ulemu wokwanira. Amayi ndi ana aakazi ndi amene analitulukira, ndipo linasunga ulemu wa mabanja m'malo opanikizika kwambiri.

M'makomboni odzimangira okha munali mwayi umodzi umene ku Matero kunalibe. Bambo akaumba zidina, ankatha kuphatikiza kachipinda kumbali kwa nyumba, kokhala ndi khomo lakelake lotulukira panja, n'kuikamo anyamata. Gowelo ya kumudzi inabwereranso motero, itafoleredwa ndi malata akale opsinjidwa ndi miyala. Atsikana sankapatsidwa chipinda chotere. Makolo ankafuna kuti akhale mkati, kumene khomo lake likumveka likatseguka.

Mu 1974 boma la Kenneth Kaunda linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena kukhala malo okhalamo mwalamulo, ndipo mwini nyumba ankapatsidwa chikalata chokhalira pamalopo zaka 30. Chaka chomwecho inayamba ntchito yaikulu yothandizidwa ndi World Bank, yolambula misewu, kuika mipopi ndi kubwereketsa zipangizo zomangira ku George, Chawama, Chaisa, Chipata ndi Garden. Kalingalinga inakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Mantha a kugwetseredwa nyumba atachepa, zidina zinayamba kulowedwa m'malo ndi mabuloko a simenti, ndipo zipinda zinachuluka. Katswiri wa ku Sweden, Ann Schlyter, anatsatira nyumba za ku George kwa zaka makumi angapo, kujambula mmene zinkasinthira. Koma mtengo wa kopa unagwa mu 1975, chuma chinalowa pansi, ndipo zipinda zambiri zatsopanozo zinapita kwa anthu ochita lendi. Izi zimandiwawa mtima nthawi zonse: chipinda chimene chikanakhala cha ana ndi chimene chinkabweretsa ndalama ya ufa, ana n'kubwerera pabalaza. Ku Kanyama madzi osefukira a 1978 anagwetsa nyumba zambiri za zidina, ndipo kufikira lero mabanja a kumeneko amaika zovala ndi mabuku a ana pamwamba dzinja likayandikira.

Zaka za m'ma 1990 zinabweretsa zinthu zambiri nthawi imodzi. Frederick Chiluba atalowa m'boma mu 1991 malonda anatseguka, zovala zovalidwapo kale za salaula zinadzaza misika, ndipo makatani, mashiti ndi zidole zakunja zinafika m'manja mwa anthu wamba. Matilesi a siponji anayamba kulowa m'malo mwa mphasa. Mu 1996 nyumba za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndiye anthu a ku Matero anayamba kuwonjezera zipinda kumbuyo kwa nyumba zakale zija. Zinalinso zaka za Edzi. Ana amasiye anadzaza nyumba za agogo ndi azakhali, ndipo pamene pankagona atatu panayamba kugona asanu ndi awiri. Pamakoma panali makalendala akale, zithunzi zodula m'nyuzipepala zomatidwa ndi phala, nkhope za osewera mpira amene anafa pangozi ya ndege kugombe la Gabon mu 1993, komanso ya katswiri wa mpira Kalusha Bwalya. Mu 2012 timu ya mpira ya dziko, Chipolopolo, itatenga chikho cha Africa, zithunzi zatsopano zinamatidwa pambali pa zakalezo.

M'zaka za posachedwapa chinthu chimene chasintha kwambiri pogona pa ana ndi bedi losanja, dabulodeka. Akalipentala ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga amayala mabedi otere m'mphepete mwa msewu wa Alick Nkhata, matabwa ambiri amagulidwa ku msika wa Buseko, ndipo wogula amapita ndi muyeso wa chipinda chake atauyeza ndi chingwe. Bedi limodzi limagoneka ana anayi, awiri pansi, awiri pamwamba, n'kusiya pansi mpata wa masutikesi ndi zikwama zamizeremizere zosungiramo zovala. Neti yoteteza udzudzu, yolandira ku kiliniki, imamangidwa kudenga. Mashopu a ku Kamwala amagulitsa madirowa a pulasitiki, mapepala omata pakhoma a zilembo ndi manambala, ndi mashiti a zithunzi za makatuni. Amayi achitsikana amaona zipinda zokongola pa Facebook n'kutengako zimene angathe: kutha kwa mwezi chitini cha penti, mwezi winawo katani. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, ana ambiri ali pasukulu, ndipo aliyense amafuna msomali wake wa yunifolomu ndi pobisa mabuku kuti mng'ono wake asang'ambe. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku, nyali ya sola inalowa m'malo mwa koloboyi ndi kandulo pakona yowerengerapo. Mabanja obwereka chipinda chimodzi kapena ziwiri ku Kanyama, Chawama ndi George adakali ambiri, ndipo kwa iwo chitenje cha pachingwe chija chidakagwirabe ntchito usiku uliwonse.