Laisensi ya Windows: Kuisamutsira ku Kompyuta Ina

Laisensi ya Windows ndi chilolezo chimene kampani ya Microsoft imapereka, pakuti wogula sagula pulogalamuyo kuti ikhale yakeyake, koma ufulu wokha woigwiritsa ntchito monga mwa pangano. Popeza chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo kompyuta imafa tsiku limene mwini wake sanaliyembekeze, nkwanzeru kudziwiratu mtundu wa chilolezo chimene munthu ali nacho.

Chilolezo cha OEM, chimene chimadza pamodzi ndi kompyuta kuchokera kwa opanga monga Dell kapena HP, chimamangika ku makina oyambawo, makamaka ku motherboard yake, kotero kuti makinawo akatha, nachonso chimathera pomwepo, ngakhale mwini wake atasunga nambala yake mosamala chotani. Nambalayo, ya zilembo ndi manambala 25, kale inkalembedwa pa kapepala komata kunsi kwa laputopu, kamene kankafufutika ndi kutentha ndi thukuta la m'manja. Koma kuyambira pa Windows 8, m'chaka cha 2012, opanga amaisunga m'kati mwa motherboard momwemo. Kuikanso Windows pa makina omwewo, ngakhale hard disk itasinthidwa, sikuphwanya pangano.

Chilolezo cha retail, chogulidwa pachokha, ndicho chololedwa kusamuka, malinga Windows itachotsedwa pa kompyuta yakale, pakuti chilolezo chimodzi sichitumikira makina awiri nthawi imodzi. Amene anachilumikiza ku akaunti yake ya Microsoft, monga kunayamba kutheka pa Windows 10 mu 2016, amalowa mu akauntiyo pa makina atsopano nagwiritsa ntchito Activation Troubleshooter.