Zomera zodya tizilombo ndi kasamalidwe ka mbande zake

Nepenthes ndi mtundu wa zomera zoyanga zimene zimatchera tizilombo. Kunsonga kwa tsamba kumatuluka kachingwe, ndipo kumapeto kwake kumalendewera kamtsuko kokhala ndi chivundikiro. Mlomo wa kamtsukoko uli ndi timadzi totsekemera koma ndi woterera zedi. Nyerere kapena ntchentche ikabwera kudzanyambita, imaterereka n'kugwera m'madzi a mkatimo, amene amaisungunula pang'onopang'ono. Umo ndi mmene chomerachi chimapezera nayitrojeni, chifukwa chimamera panthaka yoguga.

Mitundu yake ndi yoposa 150, yambiri ili ku Borneo, Sumatra ndi Philippines. Kufupi ndi kwathu kuno, mitundu iwiri imapezeka ku Madagascar ndipo umodzi uli ku Seychelles. M'Malawi Nepenthes samera yekha m'tchire, koma zomera zodya tizilombo zilipo. M'madambo a pamwamba pa Nyika, kumene mtsinje wa Wovwe umachokera, mumamera Drosera, kachomera kofiirira ka masamba aubweya wonanda, amene udzudzu ukaterapo suukanso. Charles Darwin anafufuza kwambiri Drosera ndipo anatulutsa buku la zomera zotere mu 1875.

Olima Nepenthes amaigawa pawiri: ya kuzigwa zotentha ndi ya kumapiri, imene imafuna usiku wozizira. Kusiyanaku kumaoneka bwino munthu akaima pa Vinthukutu, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga. Pamsewu wa M1 pamenepa ndi pokwera pafupifupi mamita 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, koma chakumadzulo Nyika yakwera mpaka kupitirira mamita 2,600 pa Nganda, ndipo kumeneko chisanu chimawaula udzu mu June ndi July. Ya kumapiri singapirire kutentha kwa Vinthukutu mu October. Ya kuzigwa ingafe usiku umodzi wokha pa Chelinda, pamwamba pa Nyika.

Mbande zake n'zosakhwima. Njere zimaoneka ngati tiulusi, ndipo zimafesedwa pamwamba pa ndele zonyowa m'chidebe chovundikira ndi pulasitiki. Timitsuko toyamba timakhala tating'ono kwambiri, moti nyerere yaikulu singalowemo. Mbande yokulira m'chinyezi chotero ikatulutsidwa panja mwadzidzidzi, masamba amapsa, timitsuko n'kufota.

Ku Ulaya ndi ku America alimi amaopa chisanu potulutsa mbande. M'mbali mwa nyanja ku Karonga chisanu kulibe, choncho miyezi ya May mpaka July ndiyo yabwino, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Mdani weniweni panthawiyi ndi mwera, umene umaumitsa tsamba msanga kuposa mmene timizu tingamwere madzi. Pulasitiki imabooledwa pang'onopang'ono, chidebe n'kuikidwa pamthunzi kuseri kwa khoma, ndipo dzuwa la m'mawa limawonjezedwa tsiku ndi tsiku kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo.

Mlimi wa fodya kapena tomato amakudziwa kukhwimitsa mbande pa nazale, koma apa luso lakelo lingamupweteketse. Iye amachepetsa madzi asanawokere, pomwe Nepenthes safuna kuuma ngakhale pang'ono. Manyowa ndi feteleza zimawotcha mizu yake. Madzi a pamjigo nawonso kawirikawiri amakhala ndi mchere wochuluka, choncho wolima amayenera kukinga madzi a mvula m'migolo dzinja lisanathe, oti amufikitse mpaka December.